Pikapu yanga inapita ku Blantyre itaberekedwa

Pa maulendo onse amene ndayenda, wondiwawa kwambiri ndi umene ndinakhala pa chiwongolero cha galimoto yangayanga kuchokera ku Chiponde mpaka ku Blantyre osaliza injini. Galimotoyo inali pamsana pa lole, ine ndili m'kati mwake, ndipo pambali panga panali mlamu wanga Che Jafali, munthu amene masiku amenewo sindinkafuna kumva ngakhale kutsokomola kwake.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ku Mangochi ndinabwera ngati mlangizi wa zaulimi, ndinakwatira konkuno mwana wa Che Saidi, ndipo nditapuma pa ntchito ndalama zanga zonse ndinagulira pikapu yoyera. Imeneyo ndiyo inali munda wanga. Inkanyamula usipa wa ku Makawa, chimanga cha ku Namwera, njerwa, akwati ndi odwala omwe. Anzanga ankadula inshulansi yotchipa ija yongoonetsa apolisi pamsewu, koma ine ndinkadula yaikulu, imene amati galimoto yako ikachita ngozi akukonzera okha. Chaka ndi chaka ndinkalipira ndikung'ung'udza, komabe usiku ndinkagona tulo.

Apongozi anga Che Saidi anamwalira m'mawa wina ku chipatala cha pa boma. Kwa anzathu Asilamu maliro sagona. Munthu akatsirizika m'mawa amaikidwa dzuwa lisanalowe, ndipo pamene ife tinkakweza thupi mu pikapu, kumudzi kufupi ndi Chiponde anali atayamba kale kukumba manda. Tikukwera mapiri a Chowe, pa kona ina yobisika panatulukira njinga yamoto itasenza matumba a makala chopingasa. Ndinaizemba, n'kukawomba thanthwe. Palibe amene anavulala kwenikweni, ndipo amuna amene anali kumbuyo anagwira thupi osalitaya, koma mphuno ya galimoto inaphwanyika ndipo madzi a mu radiyeta ankachuchira pansi.

Ndinawauza onse kuti galimoto isasunthidwe kapena kukhudzidwa mpaka apolisi afike, chifukwa lamulo la inshulansi limatero. Koma pamalopo netiweki panalibe, ndipo galimoto zimene zinkadutsa zinali zodzaza kale. Che Jafali, mwana wa malemuwo, amakonza njinga zamoto pa bodala la Chiponde. Iye sanayang'ane ine, anayang'ana dzuwa. Anatenga mwala ndi chitsulo cha jeke n'kuyamba kuwongola malata amene anapanikiza tayala. Kenaka anathamangira pa nyumba ina, n'kubwera ndi sopo, ufa wa mgaiwa ndi ndowa ya madzi. Sopo anamata pong'alukapo, ufa anathira mu radiyeta kuti ukapsa utseke timabowo. Mkazi wanga Abiti Saidi anangondiyang'ana. Ndinalowa, ndinaliza injini, tinapitirira. Apongozi anaikidwa dzuwa likadalipo, ndipo injini inafera pafupi ndi mzikiti wa m'mudzimo, itatentha mpaka kununkha.

Ndinakatenga lipoti ku polisi, n'kuimbira a inshulansi. Anandipepesa mwaulemu, nandiuza kuti ndipititse galimotoyo ku galaja yawo ku Blantyre kuti woyeza ngozi akaione, koma wina aliyense asaikonze. Ndinangoti chabwino. Mtengo wa galimoto zokokera zinzake zija nditaumva ndinadula foni osatsanzika. Mwayi unali wakuti inali nyengo ya feteleza, ndipo lole ina imene inabweretsa matumba ku Namwera inkabwerera yopanda katundu. Dalaivala wake, a Kamwendo, anali bambo wamimba yaikulu wokonda kuseka zimene wanena yekha. Tinagwirizana mtengo, theka pompo, theka tikafika.

Kukweza pikapu pa lole popanda makina ndi ntchito yofuna mudzi wonse. Anyamata anasema chulu cha kuseri kwa mzikiti mbali imodzi, lole inabwerera chambuyo n'kutsamira pamenepo, ndipo amuna onse anakankha pikapu kukwera chulucho mpaka inagwera m'bodi. Anaimanga ndi malamba awiri otha ntchito ndi chingwe cha ng'ombe. Tili pafupi kunyamuka ndinaona Che Jafali akubwera ndi kachikwama ndi kamkeka kake kopempherera.

"Mukupita kuti, alamu?" ndinamufunsa.

"Galimoto iyi ndinaigwira ndine, alamu. Ndikaiperekeze."

"Mwaigwira kale mokwanira."

Anangokwera. Kutsogolo kwa lole kunali kutadzaza kale anthu amene a Kamwendo anawalipiritsa, choncho ife eni katundu anatiuza kuti tikhale mu pikapu momwemo, poti mipando ilimo kale yaulere. Umu ndi momwe ndinapezekera pa chiwongolero, kumwamba ngati mbalame, m'galimoto yakufa.

Pa Namwera tinaima nthawi yaitali. A Kamwendo anati akukamwa tiyi, koma tiyi wake anali wosaka okwera. Amayi a nandolo ndi anyezi anadzaza m'mbali mwa pikapu, ena anakwera kumbuyo kwake kumene kunagona apongozi, n'kuyala zitenje. Ana a sukulu anatizungulira akukuwa kuti galimoto yakwera galimoto. Mphunzitsi wina amene ndinkadziwana naye kale anandipatsa moni atakweza khosi, n'kundifunsa ngati ndayamba ntchito ya ndege. Ndinaseka kuti ndisachite manyazi, koma manyazi anali atandigwira kale.

Kutsika mapiri a Chowe uli pamwamba pa lole si chinthu chofunira mnzako. Kona iliyonse pikapu inkapendekera ku phompho, malamba akulira, amayi kumbuyo akuitana Mulungu aliyense m'chinenero chake. Phazi langa linkaponda buleki lokha, manja akukhotetsa chiwongolero, ngakhale ndinkadziwa bwino kuti woyendetsa ali pansi. Tinadutsa pa thanthwe lija. Magalasi anali akadali mbwee, ndipo pamene Che Jafali anakandira ufa panali poyerabe. Iye ananong'ona kapemphero, ine ndinayang'ana kumbali. Ndinali ndi mkwiyo wosadziwa pokautula, chifukwa womukwiyirayo anali wamasiye wa sabata imodzi.

Titawoloka mlatho wa Shire n'kulowa m'tauni ya Mangochi, m'pamene ndinamva kuwawa kwenikweni. Lole inaima pafupi ndi msika kuti ikweze nsomba, ndipo amene ankakwezawo anali makasitomala anga. Mayi Asiyatu, amene ndawanyamulira usipa zaka zambiri, anaima pansi atagwira m'chiuno.

"Alangizi, pepani ndi zovutazi. Koma ibwera liti? Ife nsomba sitingaziuze kuti zidikire."

"Masabata awiri basi, mayi. Inshulansi ikonza zonse."

"Aaa, ngati ndi choncho ndibwino. Pakadali pano tikupatsa mwana wa Che Amadu, wagula yake yofiira."

Anakweza mabasiketi awo n'kukhala kumbuyo kwa pikapu yanga, ndipo ndalama ya ulendo anapereka kwa a Kamwendo ine ndikuona pa galasi. Aka kanali koyamba kuti munthu akwere galimoto yanga n'kulipira wina.

Msewu wa ku Liwonde ndi wabwino, ndipo a Kamwendo anauona ngati mwayi wobweza nthawi imene anataya okha. Dzuwa linali loswa mtengo, galasi lakutsogolo linali long'aluka, ndipo fungo la usipa linkalowa paliponse. Titangodutsa Ulongwe, mbuzi zinadumphira pamsewu, lole inagwira buleki mwadzidzidzi, lamba mmodzi anaduka. Pikapu inagudubuzika n'kukawomba chitsulo cha kutsogolo kwa bodi ndi mphuno yake yophwanyika kaleyo. Nyali imodzi imene inapulumuka pa Chowe inathera pamenepo. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata. Che Jafali anatsika mwakachetechete, anatola miyala inayi ikuluikulu n'kuigwirizitsa ku matayala, analumikiza lambayo ndi waya, tinapitirira. Sindinamuthokoze.

Pa rodibuloko ya ku Liwonde apolisi anatitsitsa tonse. Wapolisi wina anandifunsa ngati laisensi yanga imandilola kuyendetsa galimoto m'mwamba, anzake n'kuseka. Anati m'katundu simukhala anthu, ndipo ankanena zoona. A Kamwendo anakambirana nawo kwa nthawi, amayi ena anakwera minibasi, ife tinayenda wapansi kuwoloka mlatho n'kukaipeza lole kutsidya. Kumeneko m'pamene a Kamwendo anatiululira kuti dizilo watsala wongonunkhiza. Pa malo omwetsera mafuta panali mzere wa malole wosaoneka pothera. Anati thankala ya mafuta yanyamuka kale, ifika madzulo. Sinafike madzulo, ndipo m'mawa mwake sinafikenso.

Wodikira mafuta amadziwana ndi tauni yonse. Ndinadziwa mayi wogulitsa chimanga chootcha, wamisala wa pa siteji, ngakhale galu amene ankagona pansi pa lole yathu. Kutentha kwa ku Liwonde sikufuna munthu wa maganizo. Tsiku lachiwiri masana kunagwa chimvula choyamba, ndipo Mayi Asiyatu analira ndi mawu poona usipa wawo ukunyowa. Tinawathandiza kulowetsa mabasiketi m'kati mwa pikapu, ife n'kukhala pansi pa lole limodzi ndi galu uja. M'menemo ndi momwe a Kamwendo anandifunsa nkhani yonse ya ngoziyo, ndipo nditafika pa ufa anasiya kuseka.

"Madala, munayenda nayo galimoto itabooka radiyeta? Kuchokera pa Chowe mpaka ku Chiponde?"

"Tinali ndi maliro."

"Zimenezo musakazinene kumeneko. Anthu aja ndimawadziwa ine. Akangomva kuti inayenda, akuuzani kuti injini mwapha nokha, si ngozi ayi. Mukanene kuti inafera pa thanthwe pomwepo, maliro munakweza galimoto ina, iyi munachita kukoka ndi thirakitala."

"Nanga lipoti la apolisi?"

"Likunena za thanthwe basi, si choncho? Ndiye vuto lili pati? Alamu anuwa akhale mboni, nkhani yatha."

Ine ndine mkulu wa mpingo, koma kunena zoona malangizo amenewo anandikomera ngati madzi ozizira. Ndinawerengera zaka zonse zimene ndinalipira osapemphapo kanthu, ndinaganiza za pikapu yofiira ya mwana wa Che Amadu, ndipo ndinadziuza kuti limeneli si bodza koma kutenga zanga. Ndinatembenukira kwa Che Jafali n'kumuphunzitsa ngati mwana wa sitandade wani. Inafera pa Chowe. Maliro anakwera lole ya fodya. Ufa sitikuudziwa. Ndinamubwerezera kawiri konse, iye akungojambula pansi ndi kamtengo.

"Mwamva, alamu?"

"Ndamva," anatero, n'kutenga kamkeka kake kupita kukaswali pa khonde la sitolo.

Dizilo anafika tsiku lachitatu. Msewu wa ku Zomba ndi wa maenje, ndipo dzenje lililonse ndinkalimva m'mano. Mayi Asiyatu anatsikira ku Zomba kuti akagulitse usipa wonyowawo pa mtengo uliwonse usanawole, ndipo potsanzika sanafunsenso kuti pikapu ibwera liti. Pa Namadzi tayala la lole linaphulika, tinakhalanso padzuwa. Ku Limbe tinalowa madzulo, galaja atatseka, tinagona kwa mwana wa mchemwali wanga ku Bangwe.

M'mawa tinatsitsa pikapu pa galaja. Kumeneko sasowa chulu, ali ndi potsetsereka pa simenti. Woyeza ngozi anali mayi wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wovala ovolosi yoyera bwino, wolankhula mofatsa. Anazungulira galimotoyo akujambula ndi foni, anagwira pamene panamenyedwa ndi mwala. Kenaka anatsegula boneti n'kumasula chotsekera cha radiyeta. Analowetsa chala, n'kuchitulutsa chili ndi phala louma, lachikasu.

"Bambo, ndani ankaphika muno?"

Amakaniko amene anali pafupi anaseka. Ine ndinayamba nkhani yanga momwe tinakonzera, kuti galimoto inafera pa thanthwe, kuti mwina anthu a m'mudzi anaiseweretsa pamene ife tinali ku maliro. Mayiyo anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kutembenukira kwa Che Jafali.

"Inu munalipo, bambo?"

"Ndinalipo."

"Thupi linapitirira pa galimoto iti?"

Che Jafali anavula kachipewa kake, n'kukavalanso. Sanayang'ane mayiyo, anayang'ana kumbuyo kwa pikapu.

"Alamu, mundikhululukire," anatero. "Zina zonse ndikanakuthandizani. Koma sindinganene kuti bambo anga sanakwere galimoto iyi. Anagona apa, mutu uku, ine nditawagwira mapewa. Iyi ndi imene inawafikitsa. Ufawo ndinathira ndine, mayi, ndi manja angawa."

Amakaniko aja anasiya kuseka, aliyense anapeza chochita. Mayiyo sanandichititse manyazi. Anati nkhani yoyamba ija achita ngati sanaimve, chifukwa akailemba ndiye kuti palibe chimene ndingapeze ngakhale nyali. Anapepesa maliro. Kenaka anafotokoza bwinobwino kuti boneti, bampala, nyali, galasi ndi radiyeta ndi za ngozi, ndipo akalemba kuti zikonzedwe. Koma injini sinafe ndi thanthwe, inafa chifukwa choyendetsedwa yopanda madzi okwanira, ndipo zimenezo inshulansi silipira.

"Ndiye mukonza nkhope yokha?" ndinafunsa.

"Ndi zimene ndingathe, bambo."

"Mukanakhala inu, bambo anu ali kumbuyo, manda akumba kale, mukanatani?"

Mayiyo anatseka boneti. "Mwina ndikanachita zomwezo. Koma a inshulansi akanandiyankhanso chimodzimodzi."

Ndinafunsa mkulu wa galajayo mtengo wa injini ina, ngakhale yakale. Atanditchulira ndinamuthokoza n'kutuluka, chifukwa ndalama yoteroyo ndinaigwirapo kamodzi kokha m'moyo wanga, ndipo ndi imene ndinagulira pikapuyo.

Pobwerera tinakwera minibasi ku Limbe. Che Jafali anadzilipirira yekha, n'kukhala pambali panga chifukwa malo ena panalibe. Sindinamulankhule ku Namadzi, sindinamulankhule ku Zomba. Anagula nthochi pa Domasi n'kundipatsira, ndinakana. M'mutu mwanga ndinkangomuweruza: anaphwanya lamulo ndi iye, anathira ufa ndi iye, ndipo atapatsidwa mpata umodzi wokha wokonza zimene anawononga, anasankha kukhala woyera pa galimoto ya mwini. Titafika pa Liwonde, pamene tinagona masiku aja, mkwiyo unandipitirira.

"Mwandipha, alamu. Mukudziwa kuti mwandipha?"

"Ndikudziwa."

"Ndidya chiyani ine? Achemwali anu adya chiyani?"

Minibasi inawoloka mlatho. Kenaka anati, "Alamu, mukanakhala inu mwagona kumbuyo kuja, ndikanathiranso ufa."

"Ine ndine Mkhristu. Maliro anga akhoza kudikira mu firiji sabata yathunthu."

"Ndikanathirabe," anatero. "Sindikanakusiyani pamsewu."

Ndinayang'ana pawindo mpaka ku Ulongwe, ndipo misozi imene sinatuluke pa maliro a apongozi inatulukira pamenepo, pamaso pa anthu ogulitsa tomato.

Pikapu inabwera patapita miyezi iwiri, itaberekedwanso. Mphuno yake ndi yatsopano, nyali zikuwala, utoto ukuchita kunyezimira kuposa tsiku limene ndinaigula. Tinaikankhira pansi pa mtengo wa mango pakhomo panga, ndipo ili pomwepo mpaka lero. Ine ndinabwerera ku khasu, usipa akunyamula ndi mwana wa Che Amadu. Che Jafali amabwera Loweruka lina lililonse ndi kachitsulo kamene wapeza ku Mozambique, amatsegula boneti, amagwiragwira, amatsekanso. Sindimuletsa, komanso sindimufunsa.

Anthu odutsa akaiona yowala choncho amaganiza kuti inachira. Mwezi wathawu kunabwera bambo wina wa ku Mpondasi m'mawa, maso ali ofiira, kudzapempha kuti ndikamunyamulire thupi la mayi ake ku chipatala kupita nalo kumudzi dzuwa lisanalowe. Ndinamutengera pansi pa mango, ndinalowetsa kiyi, ndinapotokola kuti adzimvere yekha kuti injini ndi yakufa. Anaima pang'ono, anayang'ana dzuwa, n'kuthamangira kwina.